Humidor yooneka ngati nyumba ya nsanjika: mmene yakhalira patapita miyezi yambiri

Bokosi losungiramo ndudu za cigar silidziwika ubwino wake likadali latsopano. Nditalemba za humidor yangayi koyamba, ndinakamba zimene maso ndi manja zimapeza tsiku loyamba: maonekedwe ake otengera nyumba za nsanjika za ku New York za m'ma 1930, kunyezimira kwa vanishi, fungo la thabwa la m'kati ndi kulemera kwa chivindikiro. Ndinalonjeza kuti ndidzabweranso bokosilo likadzapyola nyengo yotentha, yamvula ndi youma, pakuti thabwa limaonetsa khalidwe lake lenileni nyengo ikatembenuka. Tsopano chaka chatsala pang'ono kukwana. Bokosili ndi labwino ndithu, ndipo ubwino wake waukulu uli m'malo amene mlendo sayang'anamo. Lilinso ndi zofooka, ndipo zina mwa izo zimachokera m'maonekedwe omwewo amene anandikopa.

Kwa amene simunaone zimene ndinalemba kale, bokosili ndi lotere. Linapangidwa pamanja m'kashopu kakang'ono ka amisiri a matabwa, si la fakitale. Kunja kwake anamata thabwa lopyapyala la Macassar ebony, mtengo wa ku chilumba cha Sulawesi ku Indonesia, wakuda wokhala ndi mizere yofiirira. Mizereyo anaiimika chilili, yonse kuloza m'mwamba, kotero kuti bokosi limaoneka lalitali kuposa mmene lilili. M'mbali mwake anadulamo timabowo tamakona anayi n'kulowetsamo tizidutswa ta thabwa loyera, tondondozana ngati mawindo. Pansi pali dirowa yoikamo zodulira ndudu ndi machesi. Chivindikiro chili ndi masitepe atatu, lililonse lochepa kuposa la pansi pake, monga zimathera nyumba zazitali za nthawi ija.

Masitepe amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo ndi imene inandichititsa kukonda bokosili ndisanalikhudze n'komwe. Mu 1916 mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo loti nyumba yaitali izichepa m'mimba pamene ikukwera, kuti dzuwa ndi mpweya zizifika m'misewu. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba anatenga lamulolo n'kulisandutsa luso. Pamene kapangidwe ka zinthu ndi nyumba kotchedwa Art Deco kanatchuka, pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris cha mu 1925, zinthu ziwirizi zinakumana, ndipo panatuluka nyumba ngati Chrysler Building ya William Van Alen, imene inamalizidwa mu 1930. Chaka chomwecho ku Havana kunamalizidwa Edificio Bacardí, nayonso ya Art Deco. Thabwa la Macassar ebony nalonso ndi la nthawi imeneyo, chifukwa Émile-Jacques Ruhlmann, mmisiri wotchuka wa mipando wa ku Paris, ankalikonda kwambiri. Amene anapanga bokosi langa anaidziwa bwino mbiriyi, ndipo sanangosakaniza zokongoletsa mwachisawawa.

Funso limene ndinali nalo linali lakuti: masitepewa pa nyumba anali ndi ntchito, nanga pa bokosi ali nayo? Yankho ndalipeza pang'onopang'ono. Ali nayo, ndipo ndi kulemera. Chivindikiro cha masitepe atatu n'cholemera kwambiri kuposa chafulati, ndipo kulemerako ndi kumene kumachipanikiza pa mlomo wa bokosi. M'kati, thabwa la cedar limatulukira pang'ono pamwamba pa makoma, ndiye chivindikiro chikamatsika chimavala mlomo umenewu mothina. Mukachisiya chitatsala pang'ono kutseka, sichimenyetseka. Chimatsika chokha mwaulemu, mpweya n'kumatuluka kuti fuu, kenako zii. Phokoso limeneli ndinalimva tsiku loyamba ndipo ndikulimvabe lero. Kawirikawiri ndimayesanso ndi kapepala: ndimakapana pakati pa chivindikiro ndi bokosi n'kukakoka. Mbali zonse zinayi kamakanirira. M'nyengo youma kwambiri ngodya imodzi ya kumbuyo inayamba kulola kapepala kutuluka mosavuta, koma chinyezi cha m'chipinda chitabwerera ngodyayo inagwiranso yokha.

Kulemera komweko kuli ndi mtengo wake pa mahinjesi. Anaika mahinjesi a mkuwa okhala ndi kamkono kokhota kamene kamabisala m'khoma la bokosi, n'kumagwira chivindikiro chikatseguka kuti chisagwere kumbuyo. Ndi mahinjesi oyenera pa ntchito yotere. Komabe patapita miyezi ingapo ndinaona kuti chivindikiro chikugwedera pang'ono ndikachitsegula, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti timasikuluwu tiwiri ta mbali imodzi takhwefuka. Ndinatimanga ndi sikuludiraiva yaing'ono, mosamala kwambiri chifukwa mkuwa ndi wofewa ndipo mutu wa sikuluwu umatha kuperepeseka msanga. Sizinabwerezenso. Chinanso, bokosi likakhala ndi ndudu zochepa ndipo mwalitsegula mothamanga, limanyamuka pang'ono kutsogolo, chifukwa kulemera konse kwapita kumbuyo. Mmisiri akanawonjezera kulemera pansi, vutoli silikanakhalapo. Ndazolowera kutsegula dzanja limodzi litagwira kutsogolo.

Tsopano za m'kati, kumene ndikufuna kukhalitsako.

Makoma, pansi, thireyi ndi kunsi kwa chivindikiro zonse n'za Spanish cedar, mtengo umene akatswiri a zomera amautcha Cedrela odorata. Umamera ku Central America, ku South America ndi kuzilumba za Caribbean, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mahogany. Thabwa lake limamwa chinyezi mpweya ukanyowa n'kuchibweza mpweya ukauma, silipindika msanga, ndipo lili ndi fungo limene limayenderana ndi fodya. Mtengowu wadulidwa kwambiri kwawoko, moti kuyambira mu 2020 mitengo ya mtundu wa Cedrela ya m'madera amenewo ili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zingathe kutheratu, kutanthauza kuti kugulitsa zipika ndi matabwa ake kunja kwa dziko kumafuna chilolezo. Wogula bokosi la mtengo wapatali ali ndi ufulu wofunsa kumene thabwa lake linachokera, ndipo mmisiri wodalirika sakhumudwa ndi funso limenelo. Opanga ena amagwiritsa ntchito okoumé wa ku Gabon m'malo mwake, amene fungo lake ndi lochepa.

Chimene chimasiyanitsa bokosi langa ndi mabokosi otchipa ndi kukhuthala kwa cedar ameneyu. M'mabokosi ambiri a m'fakitale amangomata kathabwa kopyapyala ngati pepala, kongopereka fungo basi. M'bokosi ili matabwa a cedar ndi okhuthala pafupifupi mamilimita asanu ndi awiri, ndipo sanawamate ndi guluu paliponse. Anawadula m'makona n'kuwalowetsa mothina kuti azigwirana okha, kotero kuti akafufuma kapena kunyala amakhala ndi mpata woyendamo popanda kukoka khoma lakunja. Poyamba sindinkaona kufunika kwake. Ndakuona tsopano, pakuti thabwa limafufuma kwambiri chopingasa mizere yake ndipo limangosintha pang'ono chotsata mizereyo. Taganizani: m'kati mwa bokosi chinyezi chili pa 68 peresenti chaka chonse, pamene kunja m'chipinda chimatha kutsika kufika pa 35 kapena kukwera kudutsa 80. Khoma limodzi lomwelo likukokedwa mbali ziwiri. N'chifukwa chake amisiri odziwa samapanga bokosi lotere ndi thabwa limodzi lokhuthala la ebony, ngakhale wogula angaganize kuti limenelo ndiye lapamwamba. Pakati amaika thabwa losasunthika, lopanikizidwa kufakitale, kunja n'kumata ebony wopyapyala, m'kati n'kuyala cedar. Mmisiri wanga anandiuza zimenezi poyera pogula, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha kunena zoona kumeneku.

Cedar watsopano ali ngati mtsuko wongootcha kumene: madzi oyamba amamwa yekha asanayambe kukusungirani. Mukaikamo ndudu bokosi lisanakhute, thabwa limayamwa chinyezi cha m'nduduzo n'kuziumitsa. Ine ndinagwiritsa ntchito timapaketi ta chinyezi ta kampani ya Boveda ta 84 peresenti, topangidwira ntchito imeneyi, ndipo ndinatseka bokosi milungu iwiri monga mwa malangizo ake. Anthu ena amapukuta m'kati ndi kansalu konyowa kuti zifulumire. Pa bokosi la mtengo wotere musatero. Madzi ofika mwadzidzidzi amadzutsa timinga ta thabwa, amasiya mabanga, ndipo amatha kupinda thireyi. Popeza cedar wake ndi wokhuthala, bokosi langa linachedwa kukhazikika kuposa mabokosi ena amene ndakhala nawo, ndipo mwezi woyamba chinyezi chinkatsika nthawi iliyonse ndikaikamo ndudu zatsopano. Litakhuta, linakhala phee. Panopa ndikatsegula kwa mphindi zingapo posankha ndudu, muyezo umatsika, koma pasanathe ola umakhala wabwerera pomwe unali. Ntchito ya thabwa lokhuthala ndi imeneyo.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri m'miyezi yonseyi ndi utomoni. Nyengo yotentha itafika, pakhoma lakumanzere m'kati munatuluka timadontho tonyezimira, tofiirira, tomata ku chala. Tina tinali tating'ono ngati mutu wa singano, kamodzi kanali kokulirapo ndipo kanayenderera pang'ono kutsika. Ndudu imodzi imene inatsamira pamenepo inatuluka ndi banga pa tsamba lakunja. Spanish cedar amachita zimenezi: ali ndi utomoni m'kati, ndipo thabwa likakhala kuti silinaumitsidwe mokwanira mu uvuni, kutentha kumautulutsa. Utomoniwu suwononga bokosi, koma umadetsa ndudu ndi timapepala take. Ndinachotsa ndudu zonse, ndinapukuta malowo ndi kansalu kodontheza pang'ono mankhwala osungunula utomoni otchedwa acetone, ndinasiya bokosi lotsegula mpaka fungo la mankhwala litatheratu, kenako ndinapalapo pang'ono ndi sandipepa yosalala. Unatulukanso kachiwiri, wochepa, ndipo kuyambira pamenepo sunabwerenso. Ndinawalembera amisiri aja. Anayankha mwaulemu ndipo anadzipereka kutumiza thabwa lina la khoma limenelo, zimene n'zotheka chifukwa matabwawo si omata. Komabe ndiyenera kunena mosabisa: pa bokosi la mtengo umenewu, thabwa lililonse limayenera kusankhidwa ndi kuumitsidwa bwino lisanalowe m'bokosi, ndipo ili linawapulumuka.

Zipangizo ziwiri zimene zinabwera ndi bokosi sindikuzigwiritsanso ntchito. Choyamba ndi hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, kamene anaika kunsi kwa chivindikiro. N'kokongola, kozungulira, ka muvi ngati wotchi, ndi manambala olembedwa mwa Art Deco. Ndinakayesa ndi mchere. Njirayi ndi yosavuta: mumadzaza mchere wa patebulo m'kachivindikiro ka botolo, mumadontheza madzi mpaka mchere unyowe koma osasungunuka, n'kutsekera pamodzi ndi hygrometer m'chikontena chosalowa mpweya kwa usiku wonse kapena tsiku lathunthu. Mchere wonyowa umasunga mpweya pa 75 peresenti, choncho muvi uyenera kuloza pamenepo. Wanga unaloza pa 81. Ndinaukonza ndi kasikuluwu ka kumbuyo, koma patapita miyezi iwiri unali utasocheranso. Ndinagula kachipangizo ka manambala koyendera batire, ndipo ndi kamene ndimakhulupirira. Ka muvi kaja ndinakasiya pamalo pake chifukwa ndikakachotsa pangatsale bowo.

Chachiwiri ndi chonyowetsera, kabokosi ka chitsulo kokhala ndi siponji m'kati. Siponji yotere imafuna madzi a distilled, amene alibe mchere wa m'nthaka, kapena madzi osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala otchedwa propylene glycol, amene amathandiza kusunga chinyezi cha m'ma 70 peresenti. Madzi a pampopi amatseka timabowo ta siponji ndipo amatha kubweretsa chuku. Ngakhale ndinatsatira zonsezi, siponji inkapereka chinyezi chambiri ikangodzazidwa, kenako chochepa ikayamba kuuma, ndipo ndudu za pa thireyi ya pamwamba zinkafewa kuposa za pansi. M'nyengo yamvula inali yoipa kwambiri, chifukwa siponji siidziwa kuleka. Ndinaichotsa n'kuika timapaketi timene timatulutsa chinyezi mpweya ukauma n'kuchiyamwa ukanyowa. Malangizo a Boveda amati paketi imodzi ya magalamu 60 pa malo a ndudu 25 aliwonse, ndipo amawerengera kukula kwa bokosi, osati ndudu zimene zilimo. Kuyambira pamenepo muyezo wakhala pakati pa 66 ndi 69 nthawi zonse. Zimandiwawa kuti mmisiri amene anaganiza mozama chotere za thabwa anatenga zipangizo ziwirizi mongogula, pamene ndizo zimayendetsa mpweya wa m'bokosi lake.

Za muyezo woyenera anthu amatsutsana. Lamulo lakale limati 70 peresenti pa madigiri 70 a Fahrenheit, amene ndi madigiri 21 a Celsius. Osuta ambiri masiku ano amatsika pang'ono, makamaka pa ndudu za ku Cuba, zimene ambiri amazisunga pakati pa 62 ndi 65 chifukwa zikanyowa kwambiri zimathina ndipo utsi umavuta kukoka. Za ku Nicaragua ndi ku Dominican Republic zimakhala bwino cha m'ma 67 mpaka 70. Ine ndili ndi zosakaniza, ndiye ndinasankha pakati. Ndudu yosungidwa bwino mukaifinya pang'ono pakati pa zala imalowa n'kubwerera, tsamba lakunja silichita phokoso la kuuma, ndipo imayaka mofanana kuzungulira. Zanga zakhala choncho kuyambira pamene ndinachotsa siponji ija.

Kutentha ndi nkhani ina, ndipo pano bokosi la thabwa, kaya likhale lokongola motani, silingakuthandizeni. Humidor yotere ilibe choziziritsira. Chipinda chikatentha, m'kati namonso mumatentha, mochedwerapo chabe. Choopsa chake ndi kachirombo ka fodya, Lasioderma serricorne, kamene mazira ake amatha kubwera ali kale m'tsamba. Kukatentha cha m'ma madigiri 23 a Celsius kupita m'mwamba kwa nthawi yaitali, makamaka chinyezi chilinso chokwera, mazirawo amaswa, ndipo mphutsi zimaboola ndudu timabowo tozungulira bwinobwino n'kusiya fumbi lofiirira pansi. Amati cedar amathamangitsa tizirombo, koma musadalire zimenezo. Ndudu zatsopano ndimazikulunga m'mapepala apulasitiki osalowa mpweya, ndimaziika m'firiji tsiku limodzi, kenako m'chigawo choundanitsa masiku atatu kapena anayi, n'kuzibwezeranso m'firiji tsiku lina zisanalowe m'bokosi, kuti tsamba lisang'ambike ndi kusintha kwadzidzidzi. Mpaka lero sindinaone bowo ngakhale limodzi.

Apa ndi pamene kukongola kwa bokosi kumalimbana ndi ntchito yake. Chinthu chopangidwa ngati nyumba chimafuna kuonedwa. Mtima umafuna kuchiika pa tebulo la pafupi ndi windo, pamene kuwala kumagwera pa masitepe aja n'kupanga mithunzi, ndipo kunena zoona pamenepo chimaoneka bwino zedi. Koma malo amenewo ndi oipitsitsa kwa ndudu. Thabwa lakuda limamwa kutentha kwa dzuwa msanga, ndipo dzuwa limasuluzanso mtundu wa thabwa pakapita nthawi. Langa limakhala pa shelefu ya khoma la m'kati, kutali ndi windo ndi chilichonse chotulutsa kutentha, pamalo pamene theka la kukongola kwake silioneka masana. Ndinaika kanyali kakang'ono ka LED chapatali pang'ono kuti madzulo ndizitha kuliona. Amene mukufuna bokosi lotere, yambani mwaganiza kumene lidzakhale musanaganize za mtundu wa thabwa.

Kunja kwake kwapirira bwino, kupatula zinthu ziwiri. Masitepe ndi timawindo tija zimasunga fumbi. Pa thabwa lakuda lonyezimira fumbi limaoneka tsiku lomwelo, ndipo m'makona a masitepe nsalu siifikamo. Ndimagwiritsa ntchito kabulashi kofewa ka ojambula zithunzi, kenako kansalu kouma kofewa. Polishi wopopera sindiyandikiza n'komwe, chifukwa fungo lake likalowa mu cedar silituluka, ndipo ndudu zimatenga fungo la chilichonse chimene zayandikana nacho. Chachiwiri ndi kamzere kopyapyala ngati tsitsi kamene kanaoneka mu vanishi, pamene sitepe yachiwiri imakumana ndi yachitatu. Mukayendetsapo chikhadabo mumakamva pang'ono. Ndi malo amene matabwa awiri amakumana mizere yawo italoza kosiyana, ndipo nyengo youma inawakoka mosiyana. Sikakukula, ndipo sikafika m'kati. Koma kakusonyeza chinthu chimene wogula ayenera kudziwa: ngodya iliyonse yowonjezera, chipilala chilichonse, kawindo kalikonse, ndi malo ena amene thabwa lingasunthe. Bokosi lafulati lili ndi malo otere ochepa. Bokosi looneka ngati nyumba lili nawo ambirimbiri, ndipo luso la mmisiri limayesedwa pa onsewo. Timawindo tonse tikadali m'malo mwake, palibe kamene katukuka ngakhale pang'ono, ndipo pa ntchito ya manja yochuluka chotero zimenezi n'zoyamikika kwambiri.

Dirowa ya pansi ili kunja kwa chipinda cha chinyezi, ndipo anachita bwino kutero, chifukwa zodulira zachitsulo zikanachita dzimbiri. Imayenda bwino chaka chonse.

Kuchuluka kwa ndudu zimene zimalowamo kunandikhumudwitsa pang'ono. Anati ndudu 100. Opanga mabokosi amawerengera ndudu zowonda ngati corona, imene ku Cuba imatalika mamilimita 142 ndipo kunenepa kwake ndi 42 pa muyezo wa ring gauge, umene umagawa inchi imodzi m'magawo 64. Ndudu zimene anthu ambiri akusuta masiku ano n'zonenepa kuposa pamenepo. Robusto imatalika mamilimita 124 koma kunenepa kwake ndi 50, pafupifupi masentimita awiri. Mukachotsa malo a timapaketi ta chinyezi ndi mpata woti mpweya uziyenda, m'bokosi langa mumalowa ndudu zotere pafupifupi 60. Masitepe a chivindikiro, amene kunja amaoneka ngati muli malo ambiri, m'kati ndi thabwa lokhalokha. Ndudu zazitali ngati Churchill, ya mamilimita 178, zimalowa mbali imodzi yokha ya thireyi. Poyerekeza kukula kwa bokosi pa shelefu ndi ndudu zimene limasunga, bokosi lafulati la msinkhu womwewo limapambana kutali.

Nanga kukoma kwa ndudu kwasintha? Pano ndilankhule mosamala, chifukwa ndi pamene otsatsa malonda amakokomeza. Chikontena chapulasitiki chotseka bwino, chokhala ndi paketi ya chinyezi, chimasunga ndudu pa muyezo wokhazikika mofanana ndi bokosi ili, mwinanso kuposa, popeza sichitaya mpweya ngakhale pang'ono. Ndili nacho chotere cha ndudu zotsala, ndipo zimatuluka zili bwino. Kusiyana kumene ndakumva ndi kwa fungo. Ndudu zimene zakhala miyezi ingapo mu cedar zimatenga kafungo ka thabwa, kotsekemera pang'ono, kamene kamamveka kwambiri musanayatse. Ndudu zatsopano zimene zinabwera ndi kafungo koluma m'mphuno, ka fodya amene sanakhwime bwino, zinafatsa msanga m'bokosi la thabwa kusiyana ndi m'pulasitiki, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti thabwa limalola mpweya kusinthana pang'onopang'ono. Ndi kusiyana kwenikweni, koma n'kochepa, ndipo bokosi lililonse la cedar wokhuthala lingakupatseni zomwezo. Ndalama zowonjezera mukulipira ntchito ya manja ya kunja. Ndinenenso, popeza ndikulankhula ndi akuluakulu anzanga, kuti kusunga fodya bwino sikumuchotsera kuopsa kwake. Cigar amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya m'mapapo ngakhale kwa amene sameza utsi, ndipo palibe bokosi limene limasintha zimenezo.

M'miyezi imeneyi ndayang'ananso ntchito za opanga ena, kuti ndione pamene bokosi langa laima. Silichokera ku makampani odziwika amene nditchule apa, ndikuwatchula pongofuna kusonyeza kukula kwa luso limeneli. Elie Bleu wa ku France, amene anayamba mu 1976, ali ndi mabokosi otchedwa Casa Cubana, otengera nyumba za ku Cuba ndi zitseko zake ndi mawindo ake. Linley wa ku London, kampani imene David Linley anayambitsa mu 1985, amadziwika ndi mabokosi otengera nyumba zenizeni, ojambulidwa ndi tizidutswa ta matabwa a mitundumitundu. Ku Havana, pa Festival del Habano, chikondwerero chimene chinayamba mu 1999, amagulitsa pa okushoni ma humidor akuluakulu opangidwa pamanja, ndipo ndalama zake amati zimapita ku ntchito za umoyo za dziko la Cuba. Ndikayang'ana zonsezi ndimaona njira ziwiri. Ena amajambula nkhope ya nyumba pa bokosi, khomo ndi khonde ndi denga, mwaluso lodabwitsa. Ena amatenga maganizo a womanga: kulemera kukhale pati, mizere iloze kuti, chigawo ichi chikule bwanji poyerekeza ndi icho. Mtima wanga uli ku njira yachiwiri, chifukwa bokosi lotere silitopetsa maso. Langa ndimaliona tsiku ndi tsiku, ndipo ndimapezabe chatsopano, monga mmene mizere ya ebony imapitirira kuchoka pa khoma kukwera pa chivindikiro popanda kuduka, umboni woti anadula zonse pa thabwa limodzi n'kuzisunga mu ndondomeko yake. Zimenezi ndinaziona patapita miyezi, tsiku lina ndikupukuta fumbi.

Kodi ndingaligulenso? Inde, koma ndikanafunsa mafunso ambiri ndisanapereke ndalama. Ngati mukungoyamba kumene kusunga ndudu, kapena mumagula mabokosi athunthu a ndudu 25 kawirikawiri, bokosi lotere si loyamba kugula, lidzakucheperani msanga. Ngati m'nyumba mwanu mumatentha miyezi yambiri pa chaka, ndalama zanu zipite kaye ku kabati yoziziritsa ya magetsi. Bokosi ili ndi la munthu amene ali ndi ndudu zochepa zosankhidwa, ali ndi malo ozizira oliikapo, ndipo amasangalala ndi ntchito ya mmisiri payokha, monga mmene ena amasangalalira ndi wotchi yamanja kapena chithunzi cha pakhoma.

Mukakumana ndi mmisiri wake, mufunseni kukhuthala kwa cedar ndiponso ngati anaumitsidwa mu uvuni. Mufunseni chimene chili pakati pa khoma, ndipo akayankha kuti ndi ebony yekhayekha, funsaninso kuti wachita chiyani kuti asang'aluke. Mufunseni kuti ndudu 100 zimene akunenazo n'zonenepa bwanji. Tsegulani chivindikiro bokosi lili lopanda kanthu, muone ngati likunyamuka kutsogolo. Ndipo mugwirizane naye polemba kuti utomoni ukatuluka kapena vanishi ikang'aluka m'chaka choyamba adzakonza ndani, chifukwa zinthu ziwirizi sizioneka m'sitolo, zimadikira nyengo yotentha ndi youma. Thabwa latsopano la khoma lakumanzere lija lafika, koma ndaganiza zoliika nyengo yotentha ikadzapitanso, ndione kaye ngati lakalelo lamaliza kutulutsa utomoni wake.